Chikhodzodzo cha mwana chimasunga mkodzo wochuluka bwanji? Mmene amawerengera potengera zaka

Ana awiri a zaka 7 akhoza kufika kuchipatala tsiku limodzi, onse ndi vuto lokodzera pamphasa, koma chimene chikuyambitsa vutolo n'kukhala chosiyana kutalitali. Wina chikhodzodzo chake chimatulutsa mkodzo chisanadzaze kufika pamlingo woyenera msinkhu wake. Winayo chikhodzodzo chake chilibe vuto, kungoti impso zake zimapanga mkodzo wambiri usiku, woti chikhodzodzo cha mwana wina aliyense wa msinkhu umenewo sichingasunge mpaka kutacha. Mankhwala amene angathandize wachiwiriyu, kwa woyambayo nthawi zambiri saphula kanthu. Kuti ana awiriwa asiyanitsidwe, pamafunika kudziwa kaye kuti mwana wa zaka 7 amayembekezeka kusunga mkodzo wochuluka bwanji, kenako n'kuyeza umene iyeyo akusungadi.

Masamu amene madokotala ambiri a ana amagwiritsa ntchito masiku ano ndi apafupi. Pa zaka za mwanayo onjezerani 1, kenako chulukitsani ndi 30. Yankho lake ndi mamililita. Mwana wa zaka 4 ndi mamililita 150, wa zaka 5 ndi 180, wa zaka 7 ndi 240, wa zaka 10 ndi 330, ndipo wa zaka 12 ndi 390. Pa zaka 12 masamuwa amathera pomwepo. Mwana wa zaka 15 simumuwerengera 480, amakhalabe pa 390, chifukwa chikhodzodzo chimakhala chayandikira kale cha munthu wamkulu. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi Kelm Hjälmås, dokotala wa ku Gothenburg m'dziko la Sweden, ndipo bungwe la International Children's Continence Society linaitenga kukhala muyezo wake mu 2006. Pamene bungweli linkakonzanso malangizo ake patapita zaka, linanena kuti masamuwa ndi a ana a zaka 4 mpaka 12. Pamapepala a kuchipatala chiwerengerochi amachilemba mwachidule kuti EBC.

Nambala ya 30 ija sinangotoledwa. Ikusonyeza kuti chikhodzodzo chimawonjezera mamililita pafupifupi 30 chaka chilichonse, omwe ndi masupuni aakulu awiri basi. Khanda longobadwa kumene limakodza pafupifupi ola lililonse, pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina limasiya mkodzo wina mkati n'kudzamaliza pakapita mphindi zingapo. Kwa khanda zimenezi si matenda. Mwana akamakula, mnofu wa khoma la chikhodzodzo umaphunzira kufewa pamene mkodzo ukulowa, ubongo umayamba kuuletsa kufinya nthawi isanakwane, ndipo maulendo okodza amachepa. Akamafika msinkhu wa sukulu, mwana amakodza ka 4 mpaka ka 7 patsiku. Kukodza ka 8 kapena kuposerapo kumaonedwa kuti n'kwapafupipafupi, ndipo katatu kapena kuchepera apo n'kwapatalipatali.

Chifukwa chake mabuku amasiyana manambala

Mukatsegula mabuku atatu mukhoza kupeza mayankho atatu a mwana mmodzimodzi, ndipo palibe buku lanama. Mu 1983 dokotala wina wa ku America, Stephen Koff, anafalitsa njira yonena kuti zaka za mwana kuwonjezera 2 zimapereka kukula kwa chikhodzodzo m'maaunsi. Chaka chomwecho gulu lina la ofufuza, lotsogoleredwa ndi Berger, linapezanso zofanana. Aunsi imodzi ndi mamililita 29.6, ndipo anthu amangoiwerengera 30. Motero mwa njira ya Koff mwana wa zaka 7 ali ndi maaunsi 9, omwe ndi mamililita 270, osati 240. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi mamililita 30 pa msinkhu uliwonse. Chosokoneza n'chakuti mabuku ena amatchula dzina la Koff ngakhale pa njira yowonjezera 1 ija, choncho munthu akangoti wagwiritsa ntchito "fomula ya Koff" ndi bwino kumufunsa kuti wawonjezera 1 kapena 2.

Mu 1997 Martin Kaefer ndi anzake ku Boston anaunika zotsatira za ana 2,066 amene anawadzaza chikhodzodzo kudzera pa kapaipi powajambula, ndipo anaona kuti chikhodzodzo sichikula mofanana chaka ndi chaka. Chimakula mothamanga m'zaka ziwiri zoyambirira, kenako n'kuyamba kuchedwa. Iwo anapereka masamu awiri. Kwa mwana wosakwana zaka 2, chulukitsani zaka zake ndi 2 n'kuwonjezera 2. Kwa mwana wa zaka 2 kupita m'tsogolo, gawani zaka zake pakati n'kuwonjezera 6. Mayankho onsewo ndi maaunsi. Tikayesa pa mwana wa zaka 3, njira ya Kaefer imapereka maaunsi 7.5, pafupifupi mamililita 225, pamene ya Koff imapereka 150 ndipo ya Hjälmås 120. Kumeneku si kusiyana kwapang'ono, ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Pa zaka 8 Kaefer ndi Koff amakumana pa 300, pa zaka 10 Kaefer ndi Hjälmås amakumana pa 330, ndipo kupitirira apo njira ya Kaefer ndiyo imatsalira m'mbuyo.

Gwero la kusiyanaku ndi mmene anayezera. Mkodzo umene mwana amatulutsa yekha kunyumba akamva kuti wamugwira ndi chinthu china. Madzi amene angalowe m'chikhodzodzo kudzera pa kapaipi, mwana atagona pabedi la kuchipatala ali ndi mantha ndipo akudzigwira ndi mphamvu zake zonse, ndi chinthu chinanso. Ndipo mwana akagonekedwa tulo ndi mankhwala a opaleshoni, chikhodzodzo chimafutukuka kuposa pamenepo. Manambala ochokera pa kapaipi amakhala aakulu kawirikawiri. N'kulakwa kutenga mkodzo umene mayi wayeza m'botolo kunyumba n'kuuyerekeza ndi nambala ya Kaefer, chifukwa ana ang'onoang'ono ambiri abwinobwino angaoneke ngati ali ndi chikhodzodzo chaching'ono. Pa mkodzo woyezedwa kunyumba, njira yowonjezera 1 ndiyo yoyenera.

Palinso nkhani ya thupi la ana amene anayezedwawo. Ku Japan, Hamano ndi anzake mu 1999 anapeza kuti ana a kumeneko akugwirizana bwino ndi masamu ochulukitsa ndi 25, osati 30, pa zaka kuwonjezera 2. Mwana wa zaka 10 mwa njira imeneyi ndi mamililita 300. Masamu onsewa amangoona zaka, saona thupi. Mwana wa zaka 8 wopinimbira, amene thupi lake likufanana ndi la mwana wa zaka 5, akatsika pang'ono pa nambala ya msinkhu wake sizikutanthauza kuti chikhodzodzo chake chikudwala. Kwathu kuno, kumene ana opinimbira ndi ambiri, woyeza ayenera kuyang'ana sikelo ndi msinkhu wa mwanayo asanagamule.

Makanda ali ndi masamu awo

Kwa mwana wosakwana chaka, njira za zaka zija sizithandiza. Pali ziwiri zodziwika. Ya Holmdahl, ya mu 1996, imati chulukitsani miyezi ya mwana ndi 2.5 n'kuwonjezera 38. Khanda la miyezi 6 ndi mamililita 53, la miyezi 12 ndi 68. Ya Fairhurst, ya mu 1991, imatengera kulemera: makilogalamu a mwana kuchulukitsa ndi 7. Khanda lolemera makilogalamu 7.5 ndi mamililita pafupifupi 52, zomwe zikugwirizana ndi njira inayo. Njira ya Koff pa khanda lomweli la miyezi 6 ikanapereka 75, ya Kaefer 90. Kusiyanaku kumakhala ndi ntchito pamene khandalo likudzazidwa chikhodzodzo kuti lijambulidwe. Wodzaza akatenga nambala yaikulu ngati malire oti afikepo, amachifutukula mopitirira muyezo, ndipo zimene makina angaonetse sizikhalanso mmene chikhodzodzocho chimagwirira ntchito masiku onse.

Kuyeza kunyumba

Nambala ya pa pepala payokha sinena kanthu za mwana wanu. Imayamba kukhala ndi tanthauzo ikaikidwa pambali pa nambala ina, imene ndi mkodzo wochuluka kwambiri umene mwanayo watulutsa ulendo umodzi masana. Achipatala amaulemba kuti MVV. Kuupeza sikufuna makina, kumafuna masiku awiri athunthu, chidebe choyezera ndi pepala.

Ngati palibe jagi ya mizere, botolo la pulasitiki la madzi la mamililita 500 limakwana. Dulani kukhosi kwake kuti kukamwa kukule. Tengani sirinji ya mamililita 20 yopanda singano, thirani madzi m'botolomo sirinji imodziimodzi, ndipo nthawi iliyonse jambulani mzere kunja ndi cholembera chosafufutika, n'kulemba 20, 40, 60 mpaka pamwamba. Musadalire kuyeza ndi rula, chifukwa mabotolo ambiri ali ndi makwinya ndipo pansi pake ndi potukuka, moti mizere yake siikhala yotalikirana mofanana. Mnyamata amakodzera m'botolo momwemo. Mtsikana akodzere m'kabeseni kapena mu poti, kenako mkodzowo muuthire m'botolo. Powerenga, botolo likhale pamalo athyathyathya ndipo diso likhale molingana ndi mzere.

Papepala lembani nthawi, kuchuluka kwa mkodzo, zimene mwana wamwa ndi kuchuluka kwake, komanso ngati kabudula wamkati ananyowa kapena ngati mwanayo anachita kuthamangira. Masiku awiriwo sayenera kukhala otsatizana, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndi abwino chifukwa mwana amakhala pakhomo. Kusukulu zimenezi sizitheka, ndipo mwana angasekedwe nazo.

Tsopano zolakwika, chifukwa n'zambiri ndipo zimabwerezedwa. Choyamba ndi kuwerengera mkodzo woyamba wa m'mawa. Mkodzo umenewu wasonkhana usiku wonse mwana ali mtulo ndipo kawirikawiri ndiwo umakhala wochuluka kuposa wina uliwonse. Gulu la Søren Rittig ku Aarhus m'dziko la Denmark linaonetsa mu 2010 kuti masamu a 30 aja amagwirizana ndi ana athanzi pokhapokha mkodzo woyamba wa m'mawa utachotsedwa. Muuyeze ndithu n'kuulemba, chifukwa uli ndi ntchito ina imene tiione patsogolo, koma pofufuza nambala yaikulu ya masana muulumphe.

Chachiwiri ndi kusandutsa kuyezako kukhala mpikisano. Makolo ena amauza mwana kuti agwire mkodzo mpaka misozi kuti nambala ioneke yabwino. Ena amachita zosiyana, amamuitana ola lililonse kuti "tiye ukakodze tiyeze," ndipo mikodzo yonse imatuluka yaing'ono chifukwa chikhodzodzo sichinapatsidwe mpata wodzaza. Zonsezi zimawononga zotsatira. Mwana azipita akamva yekha kuti mkodzo wamugwira, monga amachitira masiku onse. Chachitatu ndi madzi akumwa. M'nyengo yotentha ya mu Okutobala, mwana amene wakhala akusewera padzuwa osamwa madzi amataya madzi ambiri m'thukuta, mkodzo wake umakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, ndipo mkodzo wotere umayabwa khoma la chikhodzodzo n'kumupangitsa kukodza msanga. Pa masiku oyezawo amwe mokwanira. Ndipo musayeze mwana akutentha thupi, akutsegula m'mimba, kapena akumva kuwawa pokodza. Ayambe wachira kaye.

Kumasulira zimene mwapeza

Malire ake ndi otakasuka kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Nambala yaikulu ya masana imaonedwa kuti ndi yaing'ono ikachepera 65 peresenti ya nambala yoyembekezeka, ndipo imaonedwa kuti ndi yaikulu ikaposa 150 peresenti. Kwa mwana wa zaka 7 uja, amene nambala yake ndi 240, malirewo ndi 156 pansi ndi 360 pamwamba. Mwana amene mkodzo wake waukulu ndi 180 sanafike pa 240, koma alibe vuto. Wa 120 ndiye ali pansi. Kwa wa zaka 5 malire ndi 117 ndi 270, kwa wa zaka 10 ndi pafupifupi 215 ndi 495. Dziwaninso kuti si mkodzo uliwonse umene uyenera kufika pamenepa. Mwana wathanzi amakodza 60 apa, 90 apo, 200 pena. Timangofuna waukulu umodzi pa masiku awiriwo.

Za usiku zili ndi masamu akenso, ndipo apa ndi pamene ana awiri aja amasiyanirana. Mwana akodze asanakagone, ndipo mkodzo umenewo suwerengedwa. Muvekeni thewera limene mwaliyeza pa sikelo ya m'khitchini lili louma. M'mawa liyezeninso. Kusiyana kwake m'magalamu ndiko kuchuluka kwa mkodzo, chifukwa galamu imodzi amaiwerengera ngati mililita imodzi. Pamenepo onjezerani mkodzo woyamba wa m'mawa uja, komanso umene anakodza ngati anadzuka usiku. Thewera la nsalu limatheka ngati lili ndi kabudula wa pulasitiki pamwamba kuti mkodzo usathawire pamphasa, ndipo muyeze zonse pamodzi zouma ndi zonyowa. Chitani zimenezi usiku 7, chifukwa mkodzo wa usiku umasinthasintha kwambiri ndipo usiku umodzi ukhoza kunamiza.

Ngati pa usiku umene mwana wanyowetsa mkodzo wonse ukuposa 130 peresenti ya nambala yoyembekezeka, amati impso zikupanga mkodzo wambiri usiku. Kwa wa zaka 7 malirewo ndi 312. Tinene kuti thewera linali magalamu 40, m'mawa lafika 290, ndipo mwana wakodza 110 atadzuka. Ndiye kuti 250 kuphatikiza 110, zonse 360. Wapitirira. Rittig anapereka malire ena, zaka kuwonjezera 9 n'kuchulukitsa ndi 20, omwe pa zaka 7 ndi 320, pafupi ndi 312 uja. Koma pa zaka 12 njira ziwirizi zimatalikirana, 507 ndi 420, moti mwana wamkulu akhoza kuoneka wabwino mwa njira ina n'kupezeka ndi vuto mwa inayo.

Phindu la masamu onsewa ndi kusankha chithandizo. Kukodzera pogona kumayamba kuwerengedwa ngati vuto mwana akakwanitsa zaka 5, ndipo pa msinkhu umenewo ana pafupifupi 15 mwa 100 alionse amakhala akunyowetsabe. Mwana amene chikhodzodzo chake chikusunga bwino masana koma mkodzo wa usiku ndi wambiri ndi amene amathandizidwa kwambiri ndi desmopressin, mankhwala amene amachepetsa mkodzo umene impso zimapanga. Mankhwalawa ali ndi lamulo lake losaphwanyika: kuyambira ola limodzi asanamwe mpaka maola 8 atamwa, mwana asamwe madzi ambiri, apo ayi madzi amachuluka m'magazi, mchere n'kutsika, ndipo mwana akhoza kukomoka. Mwana amene mkodzo wake wa usiku si wambiri koma chikhodzodzo chikusunga wochepa, amathandizidwa bwino ndi kabelu kamene kamalira thewera likangoyamba kunyowa, pamodzi ndi kukonza zizolowezi za masana. Ena ali ndi zonse ziwiri. Kumumenya, kumuyanikitsa mphasa pagulu kapena kumuseka sikusintha nambala iliyonse mwa zimenezi.

Chikaoneka chaching'ono, kawirikawiri si kuti n'chaching'onodi

Ana ochepa kwambiri ndi amene chikhodzodzo chawo chili chochepa m'kapangidwe. Ambiri chimangofinya msanga, ndipo chifukwa chimene chimaiwalika kwambiri ndi chimbudzi chouma. Matumbo a kumapeto ali kuseri kwenikweni kwa chikhodzodzo. Akadzaza chimbudzi cholimba amachipanikiza n'kuchisokoneza, moti mwana amakodza pang'onopang'ono pafupipafupi, kuthamangira, ndi kudontheza m'kabudula. Makolo nthawi zambiri sadziwa, chifukwa mwana wa zaka 7 amapita yekha kuchimbudzi. Mufunseni. Ngati amapita kosakwana katatu pa mlungu, kapena chimbudzi chake n'cholimba ngati cha mbuzi, kapena chachikulu chopweteka, kapena kabudula amapezeka ndi zothimbirira, yambani ndi zimenezo. Chimbudzi chikafewa kwa milungu ingapo yezaninso mkodzo. Nthawi zambiri nambala imakwera yokha.

Tizilombo ta m'njira ya mkodzo timachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake mkodzo uyenera kupimidwa. Kwa ana a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, m'chigwa cha Shire ndi kulikonse kumene ana amasamba m'madzi odikha kapena kulowa m'minda ya mpunga, musaiwale likodzo. Mazira a nyongolotsi zake amakhazikika m'khoma la chikhodzodzo, kulitupitsa, ndipo mwana amakodza pafupipafupi, nthawi zambiri ndi timagazi kumapeto kwa mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana. Likasiyidwa zaka zambiri, khomalo limachita zipsera n'kuuma, ndipo pamenepo chikhodzodzo chikhoza kuchepadi.

Zimenezi zikachotsedwa ndipo nambala idakali pansi, choyamba ndi kukonza zizolowezi: kumwa madzi ambiri m'mawa ndi masana n'kuchepetsa madzulo, kukodza maola awiri kapena atatu alionse, kukhala bwino pokodza mapazi ataponda pansi, osathamanga. Mankhwala ofewetsa mnofu wa chikhodzodzo, monga oxybutynin, amabwera pambuyo, dokotala ataona kuti mwana sasiya mkodzo mkati ndiponso kuti chimbudzi chili bwino, chifukwa mankhwalawa amaumitsa chimbudzi ndi kukamwa, komanso amachepetsa thukuta, chinthu chofunika kusamala nacho kumalo otentha. Kuphunzitsa mwana kugwira mkodzo nthawi yaitali kuti chikhodzodzo "chikule" kunali kotchuka kale, koma sikunaoneke kuti kumathetsa kukodzera pogona.

Nambala yaikulu nayo si yonyadira. Mwana wa zaka 7 wotulutsa 450 ulendo umodzi, wokodza kawiri kapena katatu patsiku, nthawi zambiri ndi uja amazemba chimbudzi cha kusukulu chifukwa cha uve kapena mzere, n'kugwira mkodzo kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Pakapita nthawi mnofu umatanuka n'kufooka, mwana amayamba kuchita kudzikakamiza ndi mimba pokodza, mkodzo umatuluka modukizadukiza, wina umatsalira, ndipo tizilombo timaswana mmenemo. Wotere amafunika kukodza potengera wotchi, osati kudikira kumva, ndipo akamaliza adikire pang'ono n'kuyesanso kachiwiri.

Pepala lomwelo limaululanso vuto lina limene si la chikhodzodzo n'komwe. Phatikizani mkodzo wonse wa maola 24. Ukaposa mamililita 40 pa kilogalamu iliyonse ya mwana, monga 800 kwa mwana wa makilogalamu 20, ndiye kuti mkodzo ndi wochuluka. Mwina mwanayo amangomwa kwambiri. Koma ngati zayamba mwadzidzidzi, ali ndi ludzu losatha, akuwonda, ndipo wayambiranso kunyowetsa atasiya kale, apimidwe shuga tsiku lomwelo. Ana a matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell nawonso impso zawo zimalephera kusunga madzi kuyambira ali aang'ono, moti amakodza kwambiri ndipo ambiri amakodzera pogona mpaka atakula ndithu. Kwa ana amenewa malangizo omana madzi madzulo ndi oopsa, chifukwa kuchepa kwa madzi m'thupi kumadzutsa ululu wa matendawo.

Mmene nambalayi imagwirira ntchito kuchipatala

Pojambula ndi makina a ultrasound, kuchuluka kwa mkodzo umene uli mkati amakupeza poyeza mulitali, mulifupi ndi kuya kwa chikhodzodzo m'masentimita, kuchulukitsa zitatuzo, kenako kuchulukitsanso ndi 0.52. Chikhodzodzo cha masentimita 7, 6 ndi 5 chili ndi mamililita pafupifupi 109. Mkodzo wotsalira uyenera kuyezedwa pasanathe mphindi 5 mwana atakodza, chifukwa impso sizidikira. Kwa ana a zaka 4 mpaka 6, wotsalira woposa mamililita 20 pa maulendo obwereza ndi wokayikitsa, ndipo kwa a zaka 7 mpaka 12 malire ndi 10. Koma kuyezaku kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha chikhodzodzo chinali chodzaza moyenera, pakati pa 50 ndi 115 peresenti ya nambala yoyembekezeka. Izi zimalakwika kawirikawiri: mwana amamwetsedwa madzi ambiri pamzere, kudikira maola awiri atagwira mkodzo, n'kulowa chikhodzodzo chitafufuma. Chikhodzodzo chofutukuka chotere sichitha kutulutsa wonse ngakhale chili chabwinobwino, ndipo lipoti limatuluka lonena kuti mwana amasiya mkodzo.

Poyeza mmene chikhodzodzo chikugwirira ntchito kudzera pa kapaipi, nambala yoyembekezeka ndiyo imalamula liwiro lodzazira. Madzi amchere ofunda amalowetsedwa pa 5 mpaka 10 peresenti ya nambalayo pa mphindi. Kwa mwana wa zaka 5 ndi mamililita 9 mpaka 18 pa mphindi. Mukathamangitsa, mnofu umadzidzimuka n'kufinya, ndipo chikhodzodzo chabwino chimaoneka ngati cholimba.

Pali ana amene funso loti chikhodzodzo chikusunga wochuluka bwanji silikwanira. Awa ndi obadwa ndi spina bifida (vuto limene fupa la msana silitsekeka bwino mwana ali m'mimba), ovulala msana, ndi anyamata obadwa ndi timinofu totchinga njira ya mkodzo. Kwa iwo chofunika ndi presha ya mkati pamene chikudzaza. Chikhodzodzo chabwino chimalandira mkodzo presha ili pansi mpaka chitatsala pang'ono kudzaza. Cholimba chimakwera presha msanga. Mu 1981 dokotala Edward McGuire anaonetsa kuti ana a spina bifida amene presha yawo imaposa masentimita 40 a madzi (umu ndi mmene presha amaiwerengera) mkodzo usanayambe kutuluka ali pachiopsezo chachikulu chowonongeka impso, chifukwa mkodzo umalephera kutsika bwino kuchokera ku impso kapena umabwerera kumtunda. Choncho mwana wa zaka 6 amene chikhodzodzo chake chimalowa mamililita 210, ndendende nambala ya msinkhu wake, akhoza kukhala pangozi ngati presha inadutsa 40 pa mamililita 120. Kwa mwana ameneyu nambala yogwira ntchito ndi 120. Makolo amaphunzitsidwa kutulutsa mkodzo ndi kapaipi koyera maola atatu kapena anayi alionse, njira imene dokotala Jack Lapides anaifalitsa mu 1972, ndipo amayeza umene watuluka ulendo uliwonse. Ukamapitirira 120, nthawi ya pakati pa maulendo iyenera kufupikitsidwa, kapena dokotala aonenso mlingo wa mankhwala ofewetsa chikhodzodzo. Zimenezi zikakanika ndipo impso zayamba kutupa, ndi pamene madokotala a opaleshoni amaganizira zokulitsa chikhodzodzo ndi chigamba chodulidwa ku matumbo a mwana yemweyo.